Magalasi a malemu Mathew

A Bornwell Mtonga a ku Kapichila ndi osankha fodya. Chimanga ndi nshawa amalima ngati wina aliyense, koma dzina lawo linamveka chifukwa cha m'chigafa. Fodya akauma, kalabu yathu ya alimi imawakhazika pa benchi kuti alekanitse masamba: ofiira uku, otuwa uku, amawanga uko. Wogula safuna belo losakaniza. Akalipeza amalibweza. Mabelo a a Mtonga sankabwerera, ndipo mwini wake ankaonetsetsa kuti tonse tikudziwa zimenezo.

Ukalamba utayamba kulowa, tsamba linayamba kutalikirana ndi nkhope yawo. Ankaligwira mkono uli tambalale, mutu atauponya kumbuyo ngati nkhuku ikumeza madzi. Ukawafunsa, ankati anyamata anafolera chigafa mopitiriza muyeso, n'chifukwa chake mukuda.

Chaka chatha mkulu wawo Mathew, yemwe anali mphunzitsi, anamwalira. Pogawa katundu wa malemu, njinga inapita kwa mwana wamkulu, wailesi inatsala ndi amayi amasiye. A Mtonga analandira jekete ndi magalasi. Magalasiwo anali okhuthala ngati chala, pakuti Mathew sankaona patali kuyambira ubwana. Vuto la a Mtonga linali la pafupi. Tsikulo palibe anaganiza zimenezo. Chinthu cha malemu sukana.

Anawavala pomwepo, ndipo sanawavulenso. Mayendedwe anasintha. Pamsewu wosalala ankakweza miyendo ngati akudumpha mizere ya mbatata. Dzuwa likapendeka mutu unkawawa. Tsiku lina ndinawapeza pa mjigo.

"Monire, a Mtonga. Muona bwino ndi magalasi awo?"

"Yewo. Ndiona zonse."

"Nanga moni mwapatsa ndani? Ine ndili kuno."

Anatembenuka pang'onopang'ono, nati ankayang'ana mitambo.

Akazi awo a Yunike, omwe timawatcha a Nyazimba, sazungulira polankhula. Iwo amaitana amuna awo kuti Awiske Taizya, ndiko kuti bambo a Taizya, mwana wawo.

"Awiske Taizya, maso a alamu sanali anu."

"Tinatuluka m'mimba imodzi," anayankha a Mtonga. "Nsapato zawo zinali kundikwana. Jekete iyi yandikwana. Maso alekana pati?"

Nyengo yogulitsa itafika, mabelo awiri anabwerera. M'kati munali zonse: ofiira, otuwa, ngakhale masamba a nkhungu. Steven Zgambo, wapampando wa kalabu, ndi wamng'ono m'zaka kwa a Mtonga, choncho anabwera kunyumba n'kukhala pansi asanalankhule.

"Adada, fodya uyu si wanu nokha, ndi wa mabanja ambili. Likabwelanso belo lina, pa benchi pazakhala Luke."

Luke ndi mkamwini wa a Mtonga. Kuchotsedwa pa benchi kunali kowawa kale. Kuchotsedwa kuti pakhale mkamwini, a Mtonga sanadye tsikulo. Komabe za kuchipatala anakana. Akuti kuchipatala kumapita odwala.

A Nyazimba anasiya kukamba za maso. Anayamba kukamba za mwendo wa magalasi, umene unali utayamba kugwedera. Anati ku boma, kuchipinda cha maso, amamanga bwinobwino, ndipo n'zamanyazi kuti chinthu cha alamu chithyokere m'manja mwathu. Apo a Mtonga anavomera. Ananyamuka onse awiri, amayi ndi thumba la nshawa lokagulitsa kumsika, abambo ndi jekete.

Zam'chipindamo ndinazimva kwa a Nyazimba. Namwino woyeza maso anawakhazika pampando n'kuwauza kuti awerenge zilembo za pakhoma. Atavala magalasi, anaona chilembo chachikulu chokha, nacho anachiphonya. Atawavula, diso lakumanja linawerenga mpaka kumunsi. Lakumanzere linaima pakati.

"Adada, magalasi awa anakulembelani ndani?"

"A Mathew."

"Ndi adokotala a kuti?"

"Anamwalila."

Namwinoyo akuti anatuluka panja pang'ono, nabwerera akupukuta m'maso. Kenako anafotokoza. Magalasi amayezera munthu mmodzi, ndipo ngakhale maso awiri a munthu mmodziyo amasiyana. Diso lakumanzere layamba ng'ala. Imeneyo magalasi sachotsa, amachotsa madokotala, ndipo ntchito yake si yaitali. Anawauzanso kuti fumbi la fodya likalowa m'maso azisamba ndi madzi oyera, asamatikite ndi manja a m'chigafa, ndiponso asamadonthezemo madzi a masamba ngakhale atawauza ndani. Pomaliza anawayezera magalasi oonera pafupi.

A Mtonga anawatembenuza m'manja. "Tiwaya tokhatokha. Munthu sangadziwe kuti wavala kanthu."

"Valani poseŵenza cabe," anatero namwino. "Poyenda muzivula."

"Ndiye anthu azawaona liti?"

Mmawa mwake tinali m'chigafa. Panali mabelo ena amene a Mtonga anasankha mlungu wapitawo, akudikira galimoto. Steven anapempha kuti limodzi litsegulidwe. A Mtonga anakhala pa benchi, navala tiwaya tawo, nasolola fodya wodzaza dzanja. Anamuyang'ana nthawi yaitali. Anasololanso wina. Nkhope inasintha.

"Wasankha fodya uyu ndani? Ali ndi maso?"

Luke anayang'ana pansi monga amachitira mkamwini. Steven anayamba kutsokomola. A Nyazimba anali ataima pakhomo ndi chigubu cha thobwa.

"A Mathew," anatero.

A Mtonga anagwedeza mutu.

"Akulu anga anali aphunzitsi. Za fodya sanali kuzidziwa." Anatembenukira kwa mkamwini. "Luke, masula onse. Usaime ngati mlendo."

Tinamasula onse, n'kusankhanso kuyambira pachiyambi. Fumbi linali lambiri, ndipo a Mtonga ankatuluka kawirikawiri kukasamba m'maso, uku akutidzudzula ife otikita ndi manja ngati kuti anazidziwa chibadwire. Mabelowo anapita ndipo sanabwerere. Pa benchi akadali iwo.

Za ng'ala akuti adzapita akatha kukolola nshawa. Nshawa anakolola kale. A Nyazimba alankhula ndi mwini galimoto, apita Lachiwiri.