Liwu Limene Zuhura Anafufuta

Zuhura analephera kutchula dzina lake lomwe. Pa mayeso a ntchito mu Dar es Salaam, chibwibwi chinamugwira pakhosi, "Zu... Zu...", mpaka bwana wina anayang'ana wotchi nati, "Dada," ndiye kuti chemwali pa Chiswahili, "tikuimbirani." Anakwera minibasi ya daladala misozi ili chuchuchu. Sikanali koyamba.

Kunyumba ku Tandika anapeza shangazi ake, mlongo wa bambo ake amene anamulera, akukazinga vitumbua.

"Mwanangu, tizingogulitsa limodzi basi. Kasitomala amangoloza, safuna nkhani."

"A-ayi shangazi. Ndi-ndibwererako."

Kuuma mutu kwake mtsikana ameneyu! Akaweruka kogulitsa, ankatsegula laputopu yake yakale n'kumangamo timakompyuta tongoyerekezera, kenako n'kutiwononga dala kuti aphunzire kutidzutsa. Kompyuta siseka munthu.

Tsiku lina anafika pa kampani yathu kudzafuna ntchito. Mzee Kiango, mkulu wathu, sachulutsa gaga m'diwa. Anangomulozera kompyuta yoyerekezera imene inkakana kuyaka, sikirini ili bii. Zuhura anatsegula mzere wa malangizo amene kenelo, mtima wa makinawo, amawerenga poyaka. Pamenepo panali liwu lachingerezi, quiet, lolamula makina kuti aziyaka mwakachetechete. Analifufuta. Pompo makina anayamba kudandaula kuti akufunafuna disiki koma apatsidwa dzina lolakwika. Anakonza dzinalo, makina anayaka.

"Tiuze, wachita chiyani?" anafunsa Mzee.

Ine ndinali pa desiki yapafupi, ndipo kunena zoona mtima unandipweteka. Apa ndi pamene ankagwera nthawi zonse.

"A-anali... a-ana..." anayamba Zuhura.

Mzee anathira tiyi m'kapu, nakhala pansi. "Dada, ine sindikupita kulikonse."

"A-analetsedwa kulankhula. Ndangowalola kuti anene cho-chowavuta."

Mzee anaseka mpaka tiyi kutayikira. "Lolemba ubwere. Ndipo vitumbua ndikumva fungo lakezo usaiwale."

Chibwibwi chija chilipobe mpaka lero. Pa misonkhano timamunena kuti, "Dada, fulumira, mpunga wa pilau ukuzizira!" Iye amatikwenyera diso n'kupitiriza pang'onopang'ono, ife n'kumadikira, chifukwa timamukonda ndipo zimene amanena zimatipulumutsa.

Inu amene mawu amakukanirani pakhosi, musadzitseke pakamwa chifukwa wina wayang'ana wotchi. Musataye mtima. Chiganizo mwachiyambacho chimalizeni, wokudikirani alipo.