Magalasi Anga Oyamba ndi Basi Yosanja

Ndikukumbukira bwino minda ya tiyi ya kwathu ku Thyolo momwe ndinkaionera ndili mwana: chinsalu chimodzi chobiriwira, choyalidwa kuchokera pakhomo pathu pa malaini a esiteti mpaka kuphiri. Sindinkadziwa kuti anthu ena amaona tsamba lililonse palokha. Amayi akamathyola tiyi, dengu lili kumsana, ndinkawazindikira ndi kayendedwe kawo basi, chifukwa nkhope ya munthu inkandionekera akafika pafupi penipeni.

Kusukulu ankanditcha wogona. Ndinkakhala kumbuyo, pansi, ndipo zolemba pabolodi zinkangokhala ngati ufa womwazika. Nditabwereza Sitandade 3, azakhali anayamba kunena kuti mtsikana wotere asataye nthawi, kuli bwino akalere mwana kunyumba kwa akalaliki a ku ofesi. Ndinaona kuti mawuwo awalowa amayi.

Amene anandipulumutsa anali mayi wina, namwino wa kumishoni, yemwe tinkapemphera naye pa Sabata. Anaona kuti ndikamaimba ndimayandikiza buku la nyimbo mpaka kukhudza mphuno. Atabwera a zamaso kuchipatala cha mishoni, ananditengera komweko. Anandipima, n'kunena kuti magalasi anga tikawatenge ku Blantyre, ndipo ndipite ine mwini kuti akandiyese.

Abambo ankagwira ntchito yosonkhezera moto kufakitale. Kupempha tsiku kwa kapitawo sinali nkhani yamasewera, pakuti ofuna ntchito ankadzaza pageti m'mawa uliwonse. Koma anapempha. Anavala jekete lawo la kutchalitchi, ine diresi la pa Sabata, tinatsika m'chifunga mpaka kumsewu wa tala, fungo la tiyi wouma likutitsatira kuchokera kufakitale. Pa Bvumbwe amayi ogulitsa anakankhira tomato ndi kabichi m'mawindo a basi yomwe tinakwera, abambo anandigulira nthochi yomwe ndinaiiwala m'manja mpaka inafewa.

Pa Limbe ndi pomwe ndinaiona. Poyamba ndinayesa nyumba, kenako nyumbayo inayenda. Inali basi yaitali, ina pamwamba pa inzake, anthu atakhala m'mwamba ngati nkhunda pachisa. Anthu a m'tauni ankaitcha dabulodeka. Ndinagwira dzanja la abambo.

"Ababa, tikwere m'mwambamo."

Abambo anaiyang'ana kuchokera kumatayala mpaka kudenga, napukusa mutu. Anali munthu wosaopa moto kapena njoka za m'tiyi, koma ngakhale pamtengo wa mapeyala sankakwera.

"Iyayi, mwanaka. Chinthu chimenechi chikakhota, a m'mwambawo amayamba ndiwo kufika pansi."

Tinakhala m'munsi, pafupi ndi khomo, ine ndikumvetsera mapazi a anthu akugunda pamwamba pa mutu wanga. Mtima unandiwawa.

Kuchipatala tinadikira pabenchi mpaka dzuwa linafika pamutu. Kenako bambo wina wovala zoyera anandiveka magalasi olemera, a mafelemu akuda, akulu kuposa nkhope yanga. Pansi panaoneka ngati pakwera. Ndinaponda mosamala ngati ndikuwoloka mtsinje. Nditatembenuka ndinaona abambo, ndipo ndinadabwa kuti ali ndi imvi m'mbali mwa makutu, ndiponso kuti kolala ya jekete lawo inasokedwa ndi ulusi wa mtundu wina.

Pobwerera, basi yosanja ija itaima, sindinapemphenso. Abambo ndi amene anaima pamasitepe opita m'mwamba, akuwayang'ana ngati munthu woti amwe mankhwala owawa. Kondakitala anakuwa kuti, "Madala, mukwera kapena mutsika? Mukutchinga anthu!" Abambo anapuma mwamphamvu, nandikankha pang'ono kumsana.

"Tiye, ukawayese bwino magalasiwo."

Tinapeza malo kutsogolo kwenikweni, pagalasi lalikulu. Basi itanyamuka inapendeka pang'ono, abambo anagwira chitsulo ndi manja onse awiri natsinzina. Milomo yawo inkayenda, ndikhulupirira ankapemphera m'Chilomwe, chifukwa ndicho chinkawatulukira zinthu zikavuta. Nthambi za mitengo zinkakwapula denga, ndipo nthambi iliyonse ikagunda iwo ankabisa mutu m'mapewa.

Koma ine! Ndinaona masamba, lililonse palokha, likugwedezeka mwa lokha. Ndinaona mawaya a magetsi, ndi timbalame titatera pamenepo. Ndinaona madenga adzimbiri, miyala ya paphiri la Soche, mzimayi akuyanika zovala kuseri kwa mpanda, galu atagona pamulu wa mchenga. Kenako ndinaona zilembo. Zinali paliponse, pamakoma, pamasitolo, kumbuyo kwa malole, zakuthwa ngati zodulidwa ndi lumo. Ndinayamba kuwerenga mokweza, osadziwa kuti ndikukuwa.

"Ti-ma-so-ka nsa-pa-to. Pa-no ti-ma-me-ta. O-sa-ko-dza pa-no!"

Basi yonse ya m'mwamba inaseka. Bambo wina wovala mkanjo ndi kachisoti koyera, amene anakhala kumbuyo kwathu ndi katoni ya sopo pamiyendo, anagwira abambo paphewa.

"Achimwene, tsegulani maso. Mwana akukuwerengerani tauni yonse, inu muli m'tulo?"

Abambo anatsegula diso limodzi, kenako linalo. Sanayang'ane msewu, anayang'ana ine. Chitsulo sanachisiye, koma ndi chibwano analoza chikwangwani china patali.

"Nanga icho?"

Ndinawerenga. Analozanso china, ndinawerenganso. Tinachita zimenezi mpaka ku Limbe, iwo thukuta lili kamukamu, ine mawu atasasa. Titatsika anakhala kaye pakhonde la sitolo. Atapuma anati, "Azakhali ako akafunenso wolera ana, akapeze kwina." Nkhani ya ntchito ija inathera pomwepo. Sabata yotsatira aphunzitsi anandikhazika kutsogolo, ndipo sindinabwerezenso kalasi.

Mabasi aja anatha mosatsanzika. Nditabwera kudzaphunzira za uphunzitsi m'tauni, ndinapeza maminibasi okhaokha, momwe mumakhala mothithikana, mutu uli pansi, n'kumaona khosi la munthu wa patsogolo panu. Ana anga sakhulupirira kuti m'misewu yomweyi munkayenda basi ya masitepe m'kati. Amati ndimawonjezera.

Masiku apitawa ndinamva anthu akukambirana mu minibasi kuti mwina mabasi osanja adzabwereranso mumzinda. Ena ankati misewu yachepa, ena ankati adzathetsa mizere ya m'mawa. Sindikudziwa ngati n'zoona. Nditapita kwa Khwethemule, komwe abambo anakakhala atapuma ntchito, ndinawauza. Anakalamba tsopano, amayenda ndi ndodo, ndipo makutu ayamba kuwavuta, moti ndinachita kubwereza. Atamva anaseka mpaka kutsokomola.

"Akabwera, udzatenge adzukulu angawa ukawakweze m'mwamba, kutsogolo kwenikweni," anatero. "Ine ndidzakudikirani m'munsi, pafupi ndi khomo."