Dimba Lomwe Linkafa ndi Chifundo

Inu amene mwagwa mphwayi ndi moyo, bwerani pafupi ndikuuzeni za a Dalaivala.

Dzina lokha ndi limene linatsala, ntchito yoyendetsa basi anali ataisiya kale. Sitiroko inawagwira m'mawa wina akumanga nsapato, ndipo potuluka m'chipatala dzanja lamanzere linkangolendewera. Munthu amene ankanyamula tawuni yonse kupita nayo kuntchito tsopano ankalephera kumanga mabatani a malaya. Ankangokhala pawindo la kachipinda kawo kam'mwamba, n'kumayang'ana bwalo la kuseri, pomwe anthu ankatayapo matayala, mabotolo ndi matiresi akutha.

Masana dzuwa likakula maso ankalemera, bwalo lija n'kuyamba kusintha. Matayala ankasanduka mizere ya masamba, mapepala ouluka n'kukhala agulugufe, mphepo n'kumanunkhira dothi lonyowa. Akadzidzimuka, zinyalala zili pomwepo.

Mwana wawo wamkazi ankakhala kutali. Tsiku lina anaimba foni.

"Ababa, simungakhale nokha chonchi. Ndibwera kudzakutengani."

Iwo sankafuna kuchoka m'chipinda chimene anakhalamo ndi malemu akazi awo. "Ndipatse nyengo imodzi, mwana wanga. Ndikufuna kulima kuseriku. Zikakanika, udzanditenge."

Mwanayo anavomera, podziwa kuti zikanika ndithu.

A Dalaivala anayamba ndi dzanja lawo limodzilo, kutola botolo limodzilimodzi. Anthu anayamba ndi kuseka, kenako manyazi anawagwira. Mayi wosoka zovala wa chipinda chapansi anatuluka ndi khasu. Wometa tsitsi anagubuduza matayala. Mlonda wa pasitolo anabweretsa manyowa pa wilibala. Anafesa tomato, anyezi ndi kabichi, ndipo mbande zinatuluka zobiriwira bwino.

Kenako zinayamba kufa. Masamba ankachita chikasu, tsinde n'kuwola, mbande n'kugona. Chonsecho a Dalaivala ankathirira m'mawa uliwonse, akudzikoka ndi theka la ndowa, n'kutopa mpaka kukagona tsiku lonse. Anafesanso, zinafanso. Zinawapweteka mumtima kwambiri. Anayamba kuganiza kuti thupi lawo lakufa mbali imodzi likupatsira nthaka matenda, ndipo anayamba kupinda zovala zawo.

M'mawa wina sanatsike n'komwe. Anakhala kuseri kwa katani kuti atsanzikane ndi dimba lawo.

Anaona mayi wosoka akutuluka monyang'ama, akuyang'anayang'ana kuwindo, ndowa yodzaza m'manja. Khuthu! Atangolowa, wometa naye uyo ndi ndowa yake. Mlonda poweruka, chimodzimodzi. Ngakhale mayi wa chipinda choyandikana, amene moni amachita kumuumiriza, anabwera ndi beseni. Aliyense ankaona bambo wa dzanja limodzi akuvutika, n'kunena mumtima kuti, ndiwathandize asadziwe. Mbande zija zinkamira.

A Dalaivala anaseka mpaka misozi, ndipo kuseka kutatha misozi inapitirirabe.

Madzulo anawaitana onse pampopi.

"Abale anga, mwandiphera mbewu ndi chifundo."

"Ine ndimaona ngati ndimathirira ndekha," anatero wometa, akukanda m'mutu.

"Nonse mumaona choncho. Chiwongolero sachigwira anthu onse a m'basi. Kuyambira mawa, musanathire madzi, pisani chala m'dothi. Chikatuluka chonyowa, bwererani kunyumba. Ndipo amene wathirira azimanga kansalu pampopipa, anzake aone."

Mayi wosoka anang'amba kansalu kofiira nthawi yomweyo.

Ulendo uno mbewu zinagwira. Tomato anakwera timitengo tomuchirikiza mwakachetechete, kabichi anafungatira mitu, njuchi zochokera kosadziwika zinapeza njira pakati pa nyumba zazitali. A Dalaivala anasiya ndowa. Ntchito yawo inakhala yogawa ntchito: uyu athirire, uyu apalire, uyu apititse masamba kwa anthu odwala ndi okalamba. Pakamwa pawo pakale polongolola panabwerera, moti ena ankati bola akadali odwala.

Nyengo itatha mwana uja anafika, sutikesi yopanda kanthu ili m'manja. Chipinda anachipeza chokhoma. Bambo ake anawapeza kuseri, pakati pa tomato wofika m'chiuno, akukalipira mlonda chifukwa choponda anyezi. Mwanayo anaika sutikesi pansi.

"Ababa, ndikakutengani, anthuwa andisiya wamoyo?"

"Afunse eni ake."

"Geti tatseka kale, achemwali," anatero wometa.

Sutikesi inabwerera yodzaza kabichi.

Sindikunamizani, dzanja lija silinachire mpaka lero, ndipo masitepe amawakwera mopumira. Koma akukhalabe m'chipinda chawo, ndipo m'mawa uliwonse pamakhala wina wogogoda kudzafunsa kuti lero agwire iti.

Inu amene zanu zikufota, musafulumire kunena kuti vuto ndi inuyo. Imani kaye patali, muyang'anenso bwinobwino. Mwina anthu okuzungulirani akukukondani mosalongosoka, akungodikira wowauza pothira ndi polekeza. Musataye mtima lero. Mbewu zikadalipo, kafeseninso.