Chimene amayi anabereka potuluka m'paki

Lero aneba afukiza ndowe za njovu, utsi wandipeza pakhomo, ine kuseka, ine kuimba!

Ndili kamtsikana ku Dambwa, mpingo unatitengera ku paki pa lole kukaona nyama. Mlongo wanga kunyumba ankavutika ndi kamfuno, ndiye amayi anatola ndowe, mankhwala akewo, n'kubereka m'chitenje. Chonsecho kutola kanthu m'paki kunali koletsedwa.

Potuluka, mlonda wamfuti anatiwerenga, anatiwerenganso, diso lili pamsana pa amayi.

"Ba mayo, pongena munalibe mwana."

"Anali m'tulo pamiyendo, bwana."

Mlonda uja anayandikira, akununkhiza. Ndinasisita chitenjecho, ntchentche zikuzungulira, n'kuyamba kutonthoza: "Gona, gona, usalire."

Anatiyang'ana nthawi yaitali.

"Uyu mwana mukamusambike," anatero, n'kutsegula geti.