Tiye Tikaone Tsala Lako

Lolemba lapitali ndinali pakhonde panga kuno ku Petauke, ndikulimbana ndi wailesi yanga yokalamba, pamene lole inaima pachipata. Anatsika Lazalo Daka, mnzanga wa paubwana, dzanja lina atanyamula envulopu ya khaki, lina tambala womangidwa miyendo. Inu owerenga mukudziwa kale. Munthu amene simunaonane naye zaka zitatu akabwera ndi tambala, ndiye kuti mu envulopumo muli ntchito.

"Ticha, nabwela kuti unithandizeko," anatero atakhala pansi. "Iwe Chizungu chako chimakoma. Unilembeleko fomu iyi, kuti a ku ofesi akaone kuti ni munthu wa nzelu walemba."

Ndinaphunzitsa Chingerezi zaka zambiri ndisanapume, ndipo matenda athu aphunzitsi opuma ndi amodzi: ukatiyamikira Chizungu, tatha. Ndinavala magalasi nthawi yomweyo.

Inali fomu yopemphera chilolezo chokumba mchenga. Lazalo ali ndi malole awiri, amagulitsa mchenga ndi miyala kwa omanga nyumba. Nditafika pamzere wa malo okumbapo, ndinaima n'kuwerenganso. Analemba yekha ndi pensulo kuti mtsinje wa Kamkuyu, kwathu, kuseri kwa Minga.

Kamkuyu simudzaupeza pa mapu a kusukulu, koma ine ndi Lazalo unatilera. M'mphepete monse munali bango lalitali lobisa munthu wamkulu, ndipo padziwe lathu losambira panali mkuyu umene unapatsa mtsinjewo dzina. Mwezi wa Okutobala madzi ankasowa pamwamba, koma ukafukula mchenga kufika m'chigongono, ankatuluka oyera, ozizira ngati a mumtsuko. Madimba onse ankamwa pamenepo. Tinkaba nzimbe, tinkagwira nkhanu, tinkabwera kunyumba milomo itatuwa ndi kuzizira. Ndimaulakalaka mtsinje umenewo kuposa mmene ndimalakalakira mano anga amene anaguluka.

Komabe ndinayamba kulemba. Fomuyo inali ndi funso lakuti: fotokozani mmene mudzakonzere malowo mukatha kukumba. Apa ndiye ndinadzionetsa. Ndinalemba kuti maenje adzakwiriridwa, bango lidzabzalidwanso, mitengo idzaima m'mbali mwa mtsinje. Nditamuwerengera, Lazalo anawomba m'manja. Ine ndinadzimva ngati ndabzala kale mitengoyo.

Kenaka ndinaona kuti dzina la kampani si limene ndimalidziwa.

"Iyi ni ya madamu," anatero, kunena mkazi wake, akuyang'ana tambala. "Ija yakale inali na tunkhani ku Kacholola. Tunkhani chabe."

Sindinafunse. Ndinamuuza kuti adzatenge fomu yake Lachisanu, nditailemba bwino ndi inki.

Lachiwiri ndinapita kumudzi kukaona mlongo wanga Vailesi. Iyeyu ndiye anatsala ndi dimba la malemu atate m'mphepete mwa Kamkuyu. Ndi wamasiye, ndipo zonse za pakhomo pake zimachokera m'dimbamo: tomato, repu, mpiru ndi nzimbe zimene amagulitsa pafupi ndi chipatala. Ndinamupeza akuthirira, akutunga pakachitsime kamumchenga monga tinkachitira kale. Ndinamuuza za Lazalo monyadira, ndinamutchulira ndi mitengo imene ndinalemba ija.

Anatsitsa chidebe pansi.

"Neo va mapepala niziwa lini, alongo," anatero, kutanthauza kuti iye za mapepala sazidziwa. "Koma mchenga ukachoka apa, manzi nizayatapa kuti? Nanga tsala lake mwakaliona?"

Mawu amenewo ndinali ndisanawamve zaka makumi anayi, ndipo anandibwezera pakhonde la atate.

Achinyamata a m'tauni, tsala ndi munda wakale umene munthu anasiya kulima. Atate anali ndi malo aakulu m'dambo, ndipo chaka ndi chaka anthu ankabwera kudzapempha kachigawo ka dimba. Sankamufunsa munthu kuti adzalima bwanji, chifukwa ankati pakamwa aliyense ndi mlimi. Ankangotenga ndodo n'kunena kuti, "Tiye tikaone tsala lako." Ankayenda naye, kaya ndi mtunda wa tsiku lathunthu, kukaona pamene munthuyo anachoka. Kodi anasiyako mitengo ya masuku, kapena anagwetsa yonse? Kodi analima mpaka kugumula gombe? Kodi chitsime chake chakale anachitseka ndi mitengo kuti ng'ombe za ena zisagweremo? Akabwera kumeneko, yankho linali litapsa kale.

Ndipo pali chimodzi chimene ine ndi Lazalo timachidziwa tonse. Atate ake anali obwera, sanali a m'mudzi mwathu. Anafika opanda wowadziwa, n'kupempha dimba. Atate anga anapita nawo kumene anachokera, ndipo anakapeza chitsime chotsekedwa bwino, bango lili chilili m'gombe, ndi mizere ya nthochi imene anasiyira anthu otsala. Pobwera anawapatsa malo oyandikana ndi athu, abwino kwambiri m'dambo lonselo. Ndi mmene Lazalo anakhalira mnzanga. Chimene chinamulera ndi tsala la atate ake.

Ndinachita manyazi pamaso pa Vailesi. Ine wophunzira ndinabzala mitengo ya inki, iye wosadziwa mapepala anafunsa funso limene fomu yonse inalibe.

Akuluakulu amati kandimverere anakanena za m'maluwa. Lachitatu ndinakwera minibasi, kudutsa Nyimba, mpaka ku Kacholola, kukaona ndekha tunkhani tija. Sindinavutike kufunsa. Mayi wina wogulitsa nthochi m'mbali mwa msewu, Amai Tembo, anangomva dzina la Daka n'kusiyira mnzake lichero, n'kunditsogolera kanjira kolowera kuminda.

"Ni apa, bambo," anatero. "Ise timati pa damu ya aDaka."

Linali chidzenje chachikulu ngati bwalo la mpira, chakuya kuposa nyumba, makoma ake ofiira akugumukira m'munda wa eni. Pansi panali madzi obiriwira. Lazalo anakumbamo dothi la miyala lothira m'misewu, ntchito itatha ananyamuka.

"Anatikhazika pansi pa mtengo uja," anatero Amai Tembo. "Ati tikasiliza tizafotsela, tizabyala na mitengo. Manje mvula zapita zinayi. Ng'ombe yanga yolimila inagwelamo chaka chatha, tinaipeza mailo lake kutacha yafa kale. Lelo nilima na khasu."

Ndinafunsa ngati a ku ofesi anabwerapo.

"Anabwela poyamba, kupima na tepi. Pomaliza sitinawaone."

Mayiyo sanakweze mawu ngakhale pang'ono. Anangondiyang'ana nsapato, kenaka magalasi, n'kufunsa ngati ndine wa boma. Nditakana, anati, "Oo," n'kubwerera ku nthochi zake. Ndinaima pamenepo ndikuona Kamkuyu m'maganizo, ndi Vailesi atanyamula chidebe chopanda madzi. Mawu amene Lazalo ananena pansi pa mtengowo ndi omwewo amene ine ndinamulembera Lolemba, kungoti anga anali a Chizungu.

Tsono ndifunseko, abale anga. N'chifukwa chiyani pa zinthu zina zonse timafunsa kumene munthu wachokera, koma pa nthaka ayi?

Mnyamata akabwera kudzafunsira mwana wanu, simumangomvera zimene akulonjeza. Mumatuma amalume kwawo kukanunkhiza, kuti mwina anasiyako mkazi ndi ana. Mukafuna makanika, mumafunsa amene anakonzetsako galimoto kwa iye. Ine ndili mphunzitsi ndinali ndi fayilo imene inkanditsata sukulu ndi sukulu. Tsiku lina ndili mnyamata ndinachedwa kubwera kutchuthi, ndinalemberedwa kalata, ndipo kalatayo inandiperekeza mpaka tsiku lopuma ntchito. Ahedi aliyense watsopano ankaiwerenga n'kundiyang'ana pamwamba pa magalasi.

Koma munthu wogumula gombe, wosiya chidzenje, wothira zonyansa mumtsinje, ameneyo fayilo yake ili kuti? Akungosintha dzina la kampani, lero la mkazi, mawa la mphwake, n'kubwera ku ofesi ali woyera ngati khanda lochokera kuubatizo.

Ine si loya. Mwina penapake m'mabuku a malamulo zilimo, ndipo ngati zilimo, wodziwa andikonze. Ndikunena za pepala limene ndinaligwira ndi manja angawa. Mafunso ake onse anali a mawa: mudzakumba pati, mudzakumba motani, mudzakonza bwanji. Kwathu kuno timati mailo, liwu limodzi lomwelo kutanthauza dzulo ndi mawa, ndipo alendo amatiseka nalo. Koma ine ndayamba kuganiza kuti makolo athu sanalakwitse. Ukafuna kudziwa mailo akubwera a munthu, kaone mailo ake apita.

Musandimve molakwa. Mchenga tikuufuna. Nyumba imene ndikulemberamoyi sinamangidwe ndi malovu, ndipo malole a Lazalo amadyetsa mabanja angapo. A ku ofesi nawonso ndimawamvetsa, galimoto imodzi boma lonse, mafuta mwa apo ndi apo. Koma kodi kufunsa kumafuna mafuta? Mzere umodzi pafomu: munakumbapo kuti kale, pa dzina liti, ndipo munasiyapo chiyani? Kenaka foni imodzi kwa anthu a kumeneko. Amai Tembo foni ali nayo, ndinaiona atamangirira pa chitenje.

Sindikunenanso kuti wolakwa kamodzi akhale wotembereredwa. Atate anakanizapo munthu wina dimba atapeza kuti tsala lake linasanduka chigwembe. Sanamutukwane. Anangomuuza kuti akatseke kaye chimene anatsegula. Munthuyo anakaika miyala, anabzala nsenjere, mvula itadutsa anabweranso, ndipo dimba analipeza. Tsala silinali mlandu. Linali njira yoti munthu aonetse ndi manja zimene pakamwa pakunena.

Lachisanu Lazalo anabwera monga tinapanganira. Anapeza tambala wake akadali moyo, akutolatola pabwalo, ndipo nkhope inasintha, chifukwa tambala wa ntchito yotha amakhala atalowa kale mumphika.

"Wasiliza, Ticha?"

"Ninapita ku Kacholola," ndinatero.

Anandiyang'ana. Kenaka anaseka kaseko kopanda mano.

"Iwe naiwe. Vija ni vakale. Makina yofotsela ni yodula, ndipo fomu siifunsa vimenevo."

"Zoona, fomu siifunsa. Nikufunsa ndine. Paja pamene ufuna kukumba ni pamene Vailesi atapa manzi."

"Manje ufuna bana banga adye chani?"

Funso limenelo linandilasa, sindinama. Munthu ameneyu tinagawana naye nzimbe imodzi, ndipo amai anga atamwalira ndi lole yake imene inanyamula bokosi. Ndinalakalaka nditangotenga cholembera kuti zithe. Koma wakutsina khutu ndi mnansi.

"Lazalo," ndinatero, "tsiku lija atate ako anabwela kupempha dimba, atate anga anawauza chani?"

Anayang'ana pansi. Ndinaona kuti akukumbukira, chifukwa nkhani imeneyo atate ake ankainena pa mowa uliwonse, monyada.

"Anati tiye tikaone tsala lako," anayankha motsitsa mawu.

"Kafotsele ku Kacholola. Ukasiliza tipite tonse tikaone, na Amai Tembo alipo. Nikapeza pali bwino, nizakulembela Chizungu chamene sunachimvepo. Ndipo tizafuna malo ena, osati pa manzi ya madimba."

Sanavomere, sanakane. Anaimirira, anapukuta fumbi pa thalauza, n'kukwera lole. Envulopu anaisiya patebulo, tambala anamusiya pabwalo. Sindikudziwa ngati ndataya mnzanga. Ndikudziwanso kuti aphunzitsi opuma ndife ambiri m'tauni muno, ndipo atambala sadula. Akhoza kutenga fomu ina mailo, wina n'kumubzalira mitengo ya inki yoposa yanga, dzina la madamu lili pamwamba.

Zikatero, pakati pa lole ya Lazalo ndi kachitsime ka Vailesi padzatsala munthu mmodzi yekha, amene amagwira chidindo. Bambo kapena amai a chidindo, sindikudziwani dzina, ndipo mwina Kamkuyu simunaumvepo. Pepala limenelo likafika patebulo panu, loyera, la Chizungu chosalala, kodi mudzadinda pomwepo, kapena mudzatenga ndodo n'kumuuza kuti tiye tikaone tsala lako?