Miyezi Inayi Mng'ono Wanga Alibe Dzina

Fungo la matewera akuuma pachotenthetsera m'nyumba limandibwezera ku Thamesmead, kudziko la azungu kumene tinasamukira, m'fulati yathu ya pamwamba, nyengo yozizira imene mng'ono wanga anabadwa. Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Mawindo ankachita thukuta, mphepo ya kumtsinje inkalira m'makonde, ndipo patebulo pankakhala chitini cha mabisiketi chimene bambo ankasungiramo pepala lililonse, ngakhale tikiti ya basi. Chitinicho chili ndi ine tsopano, choncho asadzanene munthu kuti ndikupeka.

Kwathu makolo satcha okha mwana dzina. Udindo wotcha mwanayu unali wa azakhali, alongo awo a bambo, ogulitsa kachewere ku Lizulu. Ankayenera kumunyamula kaye, kenako n'kutchula dzinalo. Koma chiphaso choti abwere kuno chinakanidwa, pamene lamulo linkati mwana alembetsedwe masiku makumi anayi ndi awiri asanathe.

Mayi anayesa njira yachidule. Anagula khadi la foni n'kupempha azakhali kuti angotchula dzina pafoni pomwepo. Ndinamva ndekha yankho likutuluka mokanda m'makutu: "Mlamu, ngakhale kachewere ndimayamba ndamugwira. Nanga munthu?"

"Bambo a Thoko, ingosankhani lililonse," anatero mayi atatopa. "Adzamvetsa."

"Sindingalande mlongo wanga udindo chifukwa cha kalendala ya eni," anayankha bambo.

Litatsala tsiku limodzi, tinakwera basi tonse kupita ku ofesi yolembetsa ana ku Woolwich. Munkanunkha makapeti onyowa. Mayi wa paofesipo anafunsa dzina, bambo nati palibe. Iye anamwetulira n'kunena kuti tikhoza kukhala panja mphindi khumi tiganizire. Bambo sanadzuke. Anatsegula chitini chija, natulutsa kapepala ka ofesi yomweyo, kamene anali atakalemba mzere wofiira kunsi kwa mawu akuti mwana akhoza kulembetsedwa wopanda dzina, dzinalo n'kuwonjezedwa chaka chisanathe. Mayiyo anapita kukafunsa bwana wake. Atabwerera analemba zonse, malo a dzina n'kusiya osalemba kanthu.

Ine zinkandichititsa manyazi. Kunyumba tinkangoti Khanda. Kusukulu anzanga atandifunsa, ndinanama kuti ndi Jessica, mpaka ndinamujambulira khadi lokhala ndi dzinalo. Bambo atalipeza sanandikalipire. Analemba tsiku kumbuyo kwake n'kuliponya m'chitini, ndipo zimenezo zinandiwawa kuposa ndodo.

Chiphaso chinakanidwa kachiwiri. Kalatayo ndili nayo: inati azakhali sanaonetse chifukwa chokwanira chobwererera kwawo, munthu wa ana asanu ndi munda wake. Bambo anaiwerenga ataimirira, naipinda bwinobwino. Kenako anavula mwana kamalaya kamene anagona nako, osakachapa, nakakulunga m'pepala. Mayi Tembo, namwino mnzawo wa mayi amene ankapita kumudzi kutchuthi, ndiwo anakanyamula.

Anabwerera mitengo ya m'mbali mwa msewu itayamba kuphuka. Anati azakhali anakafungatira kamalayako pachifuwa pamsika pomwepo, nakanunkhiza nthawi yaitali, ogula akudikira. Azakhaliwo anatumiza kamkanda koyera ndi pepala long'ambidwa m'kope, lolembedwa mawu atatu okha: "Mwanayu ndi Tinyade." M'mawa mwake bambo anavala suti n'kukwera basi ya ku Woolwich.

Nthawi imeneyo ndinkaganiza kuti bambo ankakonda mapepala kuposa mwana wawo. Lero ndikayala makalata awiri a kubadwa kwa Tinyade, ya malo osalemba ndi ya dzina, pambali pa makalata awiri okana aja, ndimaona zina. Eni dziko ankatiuza tsiku lofika, ntchito yogwira, ndi mbale amene angatichezere. Azakhali anatsekeredwa pakhomo kawiri konse, ndipo anamwalira asanamuone Tinyade. Koma mzere umodzi wa dzina uja bambo anausunga wopanda kanthu miyezi inayi, kufikira mwini wake atalembapo.