Chidebe chimene ndinasenza kuti amayi apite kukadzala

Chizindikiro choyamba chinali khosi. Ndinadzuka m'mawa wa Lachitatu, kumapeto kwa Okotobala, mwana wanga wamng'ono akundiitana pakhomo la kuchipinda. Nditati nditembenuke kuti ndimuone, khosi linakana, ndipo ndinachita kutembenuka thupi lonse ngati nkhalamba. Dzulo lake ndinali nditagwa pa njinga ya kabaza pochokera kokaoda tomato. Tayala linalowa m'dzenje pafupi ndi msika wa Kapata, ine ndinagwa chagada, mutu n'kumenya pamwala. Magazi sanatuluke. Ndinadzuka, ndinasasa fumbi, ndinamukalipira wakabaza uja, kenako ndinatola katundu wanga n'kupita kukagulitsa monga mwa masiku onse. Chimene chinandiwawa tsiku limenelo chinali tomato amene anaphwanyika.

Pofika masana a Lachitatu lija ndinali nditasanza kawiri. Kuwala kwa dzuwa kunkandibaya m'maso, ndipo wailesi ya aneba inkamveka ngati ikulira m'mutu mwanga. Mnzanga amene timagulitsa limodzi pamsika anabwera kudzandiona. Anandifunsa mtengo umene ndinaodera tomato, ine ndinangomuyang'ana, chifukwa ndinali nditaiwala. Iyeyo ndiye anaitana takisi, osandifunsa n'komwe ngati ndikufuna kupita kuchipatala.

Kuchipatala tinakhala pabenchi mpaka madzulo, ine nditadziphimba kumutu ndi chitenje. Dokotala anandiunika m'maso ndi katochi, anandiyendetsa pamzere wowongoka, n'kundiuza kuti ndifinye zala zake ndi manja onse awiri. Kenako ananditumiza kukajambulitsa khosi. Fupa silinathyoke. Anati ubongo unagwedezeka pamene ndinagwa, ndipo minofu ya m'khosi inakokeka. Anandigoneka usiku umodzi kuti andiyang'anire. Ponditulutsa m'mawa mwake anati, "Mayi, matenda awa saoneka ndi maso. Anthu azikuuzani kuti mwachira, inunso muzidziuza chimodzimodzi. Pumani, ntchito muziyamba pang'onopang'ono, mutu ukayamba muzisiya. Ndipo pamutu musasenze kanthu kufikira titakulolani ife."

Amuna anga amayendetsa lole ndipo amabwera kunyumba mwa apo ndi apo. Kuno ku komboni ya Nabvutika ndimakhala ndi ana awiri aang'ono, choncho panalibe wina woitana koma amayi anga. Amayi ndi amasiye, amakhala kumudzi kwathu cha ku Tamanda, ndipo amalima okha chimanga ndi mtedza. Anabwera ndi kachikwama kakang'ono, poganiza kuti akhala sabata imodzi kapena ziwiri. Kumunda anali atamaliza kupanga mizere, akungodikira mvula.

Masiku oyambirira ndinkakhala m'chipinda, zenera litatsekedwa ndi bulangete. Ndikaimirira msanga, nyumba inkazungulira. Ana akaseka ndinkawakalipira, kenako n'kumva chisoni kuti ndawakalipira popanda chifukwa. Koma chimene chinkandidya kwambiri sichinali mutu. Ndinkagona pamphasa n'kumamva amayi, amene mawondo amawavuta, akutuluka ndi chidebe kupita kumpopi, akuchapa zovala za ana anga, akupempha aneba kuti achepetse wailesi. Kwathu mwana ndiye amatungira mayi ake madzi. Ine, mzimayi wamkulu wopanda bala ngakhale limodzi, ndinkatungiridwa ndi munthu amene anandibereka. Ndinkachita manyazi kwambiri.

Sabata yachiwiri ndinayamba kupeza bwino, ndipo Lamulungu ndinapita kutchalitchi. Ng'oma ndi zokuzira mawu zinandibweza ndisanamve n'komwe ulaliki, ndipo ndinagona masiku awiri. Nditabwerera kuchipatala ndinali ndi mantha kuti ndawononga zonse. Namwino anati kubwerera m'mbuyo kotero kumachitika, sikutanthauza kuti ubongo wavulalanso, kungoti ndaupatsa ntchito yoposa mphamvu zake. Ananditumiza kwa mayi wina wophunzitsa odwala kulimbitsa thupi. Iyeyo atandigwira kumbuyo kwa khutu, ululu unakwera mpaka pachipumi, ndipo anandiuza kuti mbali yaikulu ya mutu umene unkandipweteka inkachokera m'khosi. Anandiphunzitsa kutembenuza mutu pang'onopang'ono, kubweza chibwano m'kati, ndi kuthowa khosi ndi nsalu yofunda. Anati ndikapitiriza choncho, kumayambiriro kwa Disembala ndidzatha kusamala nyumba ndekha.

Pakati pa Novembala mitambo inayamba kusonkhana pamapiri. Amayi sanadandaule ngakhale tsiku limodzi, koma m'mawa uliwonse ankatuluka, n'kuima pabwalo akuyang'ana kumwamba cha kwathu. Tsiku lina ndinawamva kuseri kwa nyumba akulankhula pafoni ndi mnzawo wakumudzi, motsitsa mawu kuti ine ndisamve. Ankafunsa ngati yagwa, ndiponso ngati anthu ayamba kudzala. Mtima wanga unasweka. Munda umenewo ndiwo chakudya chawo cha chaka chonse, ndipo mtedza ndiwo umawapatsa sopo ndi mchere osapempha munthu.

Kuyambira tsiku limenelo ndinayamba kunama. Akandifunsa za mutu ndinkati wasiya, pamene ukugunda. Ndinkamwa mankhwala a ululu mobisa, n'kumasesa pabwalo kuti andione. Ndinawauza kuti apite, ine ndachira. Iwo anangoti, "Ndipita ndikaona ndi maso anga."

Mawu amenewo ndiwo anandipatsa nzeru yoipa. Kwathu mzimayi amene wadwala kapena wabereka, anthu amadziwa kuti wachira akamuona akuchokera kumadzi atasenza chidebe. Sipafunika kufotokoza. Ndinakula ndikuona zimenezo, ndipo ndinadziwa kuti amayi akandiona choncho akhulupirira. M'mawa wina iwo akusambitsa ana, ndinatenga chidebe chachikulu n'kupita kumpopi. Ndinapinda chitenje kukhala nkhata, ndinadzaza madzi, ndipo ndinapempha mayi wina kuti andisenzetse. Azimayi amene anali pamzere anandiombera m'manja, akuti mwini wake wadzuka. Mawu a dokotala ndinali kuwakumbukira bwinobwino, sindinganame kuti ndinaiwala.

Ndili pakati pa njira, ululu unatsika ngati moto kuchokera m'khosi mpaka m'dzanja lamanzere. Zala zinachita dzanzi, ndipo nthaka inayamba kupendekeka. Ndinaluma mano, ndinayendabe, chifukwa anthu anali akundiyang'ana. Nditafika pakhomo amayi anandilandira chidebe chija. Pofika madzulo ndinali kusanza, ndipo sindinkatha kukweza mutu papilo.

M'mawa mwake tinabwerera kuchipatala. Benchi yomwe ija, mzere womwe uja, kujambulanso khosi. Dokotala anandifunsa chimene chachitika, ndipo ndinamuuza zoona amayi ali pomwepo, kuphatikizapo za mankhwala amene ndinkamwa mobisa. Sanandikalipire. Anati mtsempha wa m'khosi wapanikizika, ndipo zimene tinali titapeza m'masabata aja tiyambiranso. Atatero anatembenukira kwa amayi n'kuwafunsa ngati angathe kukhalabe. Amayi anati angathe.

Mvula yodzalira inagwa sabata yomweyo. Ndinagona ndikuimva ikuwomba pamalata, fungo la dothi lonyowa likulowa m'nyumba. Amayi anakhala pakhomo, manja ali pamiyendo, akuyang'ana madzi akuyenda m'ngalande. Ndinalira. Ndinawapempha kuti andikhululukire, ndipo ndinawauzanso kuti apite, ine ndiona chochita. Iwo anati, "Iwe, ukanandiuza zoona tikanadikira limodzi, chifukwa kunatsala pang'ono chabe. Manje wandinamiza ndi chidebe, ndikusiya bwanji? Leka kulira, khosi lingamve."

Ulendo wachiwiriwu unali wautali kuposa woyamba. Dzanzi la m'zala linatenga masabata angapo kuti lithe. Kuchipatala ndinkapita pa tsiku limene andilembera, n'kudikira pamodzi ndi anthu a ndodo ndi a pulasitala, ine ndikuoneka ngati ndangoperekeza wina. Chimene chinasintha n'chakuti ndinasiya kubisa. Amayi akandifunsa m'mawa, ndinkayankha mmene zinalili, ngakhale yankho likhale loipa. Ndinayamba kuyenda kufika pa golosale ya pakona, kenako kupitirira pang'ono, kenako kukakhala pamsika kanthawi osagwira kanthu. Kubwerera m'mbuyo kunachitikabe. Minibasi ya pamsewu wa mabampu inandigoneka tsiku lathunthu, ndipo kuyang'ana foni nthawi yaitali kunkandibweretsera chizungulire. Koma tsopano ndinkadziwa chochita: kupuma, kuthowa khosi, n'kuyambira pamene ndinali dzana.

Amayi anabwerera kumudzi mu Januwale. Akhristu anzawo a mu mphakati mwawo, Mulungu awadalitse, anawadzalira chimanga mbali imodzi ya munda, koma anatero atamaliza minda yawo, nthawi itapita kale. Mtedza sunadzalidwe konse.

Ine ndinabwerera pamsika mu Febuluwale. Lero mutu umandipweteka mwa apo ndi apo, makamaka ndikasowa tulo, ndipo khosi limauma kukazizira. Zolimbitsa khosi zija ndimachitabe m'mawa uliwonse. Pamutu sindisenza kanthu mpaka pano. Katundu wanga amayenda pa wilibala, ndipo anzanga pamsika amandiseka kuti ndasanduka madamu. Ndimaseka nawo, chifukwa iwo sanamve moto umene ine ndinamva.

Kwa inu amene mwagwa n'kumenyetsa mutu, kaya pa njinga, kaya m'bafa, kaya kumunda, musadikire magazi. Pitani kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo muwauze za khosi ngakhale likungowawa pang'ono. Mukayamba kupeza bwino kenako n'kubwerera m'mbuyo, musataye mtima, koma musabisenso. Ndipo ngati pali munthu amene wasiya zake kuti akusamaleni, manyazi adzakugwirani, zimenezo ndikudziwa. Musathamangire kuchira pofuna kumumasula. Muuzeni zoona tsiku lililonse, chifukwa bodza lanu adzalipira ndi iyeyo.

M'mwezi wa Meyi, nthawi yokolola, ndinapita kumudzi kukaona amayi. Pamabwalo a anthu panali patayanikidwa mtedza, koma pabwalo la amayi panali posesedwa bwino, popanda choyanika. Ndinawapeza pakhonde la nyumba ya aneba, akusenda mtedza wa eni ake kuti awapatseko wodzala chaka chamawa. Amayi anga, amene m'mudzi monse anthu ankabwera kudzawapempha mbewu. Ndinaima chapatali. Iwo atakweza maso n'kundiona, sanayambe ndi moni. Anati, "Tembenuka ndione khosi." Ndinatembenuzira mutu kumanja, kenako kumanzere. Anagwedeza mutu movomera, n'kundisunthira kuti ndikhale pamphasa, ndipo tinasenda limodzi mtedza wa eni ake uja mpaka dzuwa kupendeka.